Kodi Makutu a Munthu ndi Ace Yekha?

M'nyumba zambiri za m'dziko lathu muli kanthu kena kakang'ono, kosaposa cala ca munthu, kamene kagona m'sutikesi pamodzi ndi kalata ya ubatizo, mapepala a penshoni ndi nsalu ya pa Sabata. Kanthu kameneka ndi kamakina kothandiza kumva, kaja kavalidwa kuseri kwa khutu. Mwini wace anapatsidwa kucipatala, kapena mwana wace wa ku Lusaka anamgulira ndi ndalama zambiri. Anavala masiku atatu kapena anai, nakakulunga m'kansalu, nakasunga bwino monga tisungira zinthu zaulemu zimene sitifuna kuzigwiragwira. Tsono iye akhala pakhonde nayang'ana milomo ya anthu iri kugwedera, osatolapo kanthu. Mukafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, bwanji simuvala kamakina kanu?" yankho lace likhala lakuti, "Makutu ndi anga. Ndikapanda kumva, ndalakwira yani?"

Yankho limeneli si lopusa ai, ndipo tiyenera kulilingalira bwino tisanalitsutse. Munthu wamkulu si mwana woti timgwire mphuno ndi kummwetsa mankhwala. Thupi ndi lace, ndipo pa zinthu zambiri za thupilo mau otsiriza ali ndi iye. Akakana mandala, ndiye yekha amene alephera kuŵerenga kalata; akakana mano oikirira, ndiye yekha amene aleka kukukuta cimanga cokazinga. Nanga khutu lisiyana bwanji ndi diso kapena dzino? Ine ndiganiza kuti lisiyana ndithu. Diso munthu angaligwiritse nchito ali yekha: aona phiri, phirilo osadziŵa kanthu. Koma mau ndi katundu wa anthu aŵiri, monga mtanda wa denga umene wina asenza uku, wina uko. Mmodzi akatula mbali yace, mnzace atsala nao wonse paphewa. Khutu liri pamutu pa mwini wace, inde, koma nchito yace yaikulu liigwirira ena: mkazi wa munthuyo, adzukulu ace, ndi mlendo wofunsa njira.

Tisanapitirire, tiyang'ane liu limeneli la "kumva," pakuti manyazi ambiri a makolo athu abisala m'menemo. M'Cinyanja timamva mau, timamva fungo, timamva njala ndi kuŵaŵa. Wophunzira akazindikira samu anena kuti wamva. Mwana akacita zimene amtuma timuyamika kuti ndi mwana wakumva. Ndipo "wosamva" ndi dzina loipa limene kholo lipatsa mwana litapsa mtima. Tonse tinakula ndi mwambi wa wosamva uja amene anamva nkhwangwa iri m'mutu. Tsono lingalirani za mkulu amene kwa zaka 50 wakhala akudzudzula ana osamva: lero iye mwini anene ndi pakamwa pace kuti, "Sindimva"! Liu limodzi lasenza zinthu ziŵiri zosiyana, kusamva kwa khutu ndi kusamva kwa mtima. Coyambaco ndi nthenda monga nyamakazi, ndipo ciribe mlandu; caciŵirico ndi khalidwe. Koma pali ngozi iyi, yakuti munthu pobisa kusamva kwa khutu angagwe m'kusamva kwa mtima, pokana uphungu wa dotolo ndi dandaulo la a m'nyumba mwace.

Kuti timweruze mkuluyo molungama, tidziŵe cimene cacitika m'khutu mwace. Mau ayenda m'mpweya ngati mafunde, nagunda kanembanemba ka m'kati mwa khutu, kamene kanjenjemera monga cikopa ca ng'oma. Kuseri kwace kuli timafupa titatu, tocepa koposa mafupa onse a m'thupi, timene tipititsa kunjenjemerako ku kaciwalo kopindika ngati cigoba ca nkhono. M'cigobamo muli madzi ndi timaselo taubweya, pafupifupi 16,000 m'khutu limodzi, ndipo timeneti tisandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tsitsi likametedwa limeranso, cilonda cipola. Koma timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Tifa ndi ukalamba. Tifa ndi phokoso, monga la makina obowolera miyala m'migodi ya ku Copperbelt kapena la cigayo ca m'mudzi. Tifanso ndi matenda oumitsa khosi, ndi mankhwala ena amphamvu, monga majakisoni a streptomycin ndi kanamycin amene anthu ambiri anabayidwa pociza cifuwa cacikulu.

Cozizwitsa ndi ici: kaŵirikaŵiri timaselo toyamba kufa ndi tija timva mau oonda, monga kulira kwa timbalame ndi kwa nkhululu. Mau onenepa, monga kulira kwa ng'ombe, atsala. M'kulankhula kwa anthu, a, e, i, o ndi u ali ndi mphamvu ndipo amveka. Koma s, f, ts ndi th ndi ofooka ndi oonda, ndipo ndiwo ayamba kusoŵa. Cotero mkulu amva liu la mdzukulu wace bwino lomwe, koma sasiyanitsa "seka" ndi "tseka," "kusula" ndi "kufula," "nsomba" ndi "nthomba." Ndico cifukwa cace anena kuti, "Ine ndimva bwino. Ana a masiku ano ndiwo alankhulira m'mphuno." Sali kunama ai. Nthendayi ibwera mwakacetecete monga ciswe, ndipo mwini ndiye wotsiriza kuidziŵa. Ku Britain anapeza kuti anthu ambiri apirira zaka ngati 10 asanapite kukafuna thandizo.

Ndipo si nthenda ya anthu oŵerengeka. Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 2021 kuti anthu oposa 1.5 biliyoni pa dziko lapansi ali ndi vuto la kumva, ndi kuti 430 miliyoni mwa iwo afunika cithandizo. Mwa anthu 100 ali onse amene kamakina kangawathandize, ovala ndi 17 okha, ndipo muno m'Africa ndi ngati 10. Kamakina kali konse kogona m'sutikesi kali ndi anthu ambiri amene akadakondwa kukhala nako.

Tsopano tibwerere ku funso lija: ndalakwira yani? Tiyambe ndi mkazi wa mkuluyo. Iye wasanduka womasulira wosalipidwa. Mlendo akabwera, ndiye abwereza mau onse. Foni ikalira, ndiye ayankha. Pocokera kuchalichi, ndiye afotokoza panjira zimene abusa analalikira. Zimenezi mwina angazipirire. Coŵaŵa koposa ndi cakuti alipo mau ena amene sanenedwa mofuula. Munthu angafuule kuti nsima yapsa, koma sangafuule mau acikondi, kapena cinsinsi ca m'banja, kapena nkhaŵa imene yamsoŵetsa tulo, ana ali gone kuseri kwa khoma. Mau otere akasoŵa khutu angofota m'mtima, ndipo anthu aŵiri amene anaceza zaka 40 atsala ndi nkhani za mcere ndi nkhuni.

Nanga adzukulu? Mwana anena kamodzi, anena kaŵiri. Kacitatu angoti, "Palibe kanthu, agogo," nathamangira kwa anzace. Maŵa sayesanso. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma mkulu adzazima bwanji moto umene sanamve kuti wabuka? Nkhoswe ya ukwati, nduna ya pabwalo, mkulu wa mpingo, onseŵa nchito yao ndi kumva mbali ziŵiri. Wakumva theka la mlandu aweruza theka, koma wogwa pa mlanduwo alipira mbuzi yathunthu.

Pali cinanso cimene ndiciyesa cacikulu pa zonse. Munthu wosamva bwino, potopa ndi kufunsa kuti, "Mwati bwanji?" aphunzira kugwedeza mutu ndi kuti, "Inde, inde," ndi kuseka pamene ena aseka. Acita izi ndi mtima wabwino, kuti asatopetse anzace. Koma "inde" wa munthu wamkulu ndi wolemera. Ndi "inde" ameneyo avomera malire a munda. Ndi yemweyo avomera ngongole. Ndi yemweyonso auza namwino kuti wamva mamwedwe a mankhwala, nakamwa mapilitsi aŵiri kamodzi m'malo mwa limodzi kaŵiri. Munthu amene moyo wace wonse anadana ndi bodza ayamba kunena timabodza tambirimbiri tsiku liri lonse, osati cifukwa ca kuipa mtima, koma cifukwa ca manyazi. Apa ndipo pagona mlandu weniweni. Kudwala si kulakwa. Koma kuuza anthu kuti wamva pamene sunamve, cikhalireco thandizo liri m'sutikesi, kumeneko ndiko kulakwira onse amene akhulupirira mau ako.

Manyazi ameneŵa si athu tokha. Ludwig van Beethoven, wopeka nyimbo wochuka wa ku Germany, anayamba kugontha asanafike zaka 30. Mu 1802, ali ku Heiligenstadt pafupi ndi Vienna, analembera abale ace aŵiri kalata yodandaula kuti anthu amuyesa wouma mtima ndi wodana ndi anzace, osadziŵa kuti athaŵa maceza cifukwa ca kulephera kuulula kuti samva. Kalatayo sanaitumize, inapezeka m'mapepala ace atamwalira mu 1827. Koma patapita zaka, pamene Johann Mälzel anampangira malipenga a citsulo oika kukhutu, iye anawayesa, ngakhale anali aakulu ndi osakongola. Ndipo pamene malipengawo analephera, anayamba kuyenda ndi timabuku kuti anzace alembemo zofuna kumuuza. Munthu ameneyu akadapatsidwa kamakina konga ka m'sutikesi kaja, sindikhulupirira kuti akadakakulunga m'nsalu.

Ngakhale titaiŵala za ena, mwini yekha ataya zambiri. Samva njinga yamoto yocokera kumbuyo. Aleka kupita kumene anthu asonkhana, ndipo ubongo wosaceza ufooka. Gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zaumoyo ya The Lancet, mu 2020 ndiponso mu 2024, linaika kusamva pakati pa zinthu zazikulu zimene ziwonjezera ngozi ya nthenda yoiŵalaiŵala ya ukalamba koma zotheka kuzicepetsa. Mu 2023 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ku America amene anatsata okalamba 977 kwa zaka 3. Pa gulu lonse sanaone kusiyana pakati pa ovala timakina ndi osavala; koma mwa aja amene anali kale pa ngozi yaikulu, nzeru za ovala zinafooka pa theka cabe la liŵiro la anzao. Tisanene zoposa pamenepa. Kamakina si mankhwala a ukalamba. Koma cete wa zaka zambiri si bwenzi la nzeru.

Tsono timvenso mbali ya agogo, pakuti ali nazo zifukwa zoona. Ati kamakina kasokosa, ndipo sanama. Ubongo umene wakhala zaka 10 m'cete waiŵala kuti dziko ndi laphokoso. Tsiku loyamba mbale zigundana ngati mabingu, nkhuku zilira ngati ziri paphewa, ndipo liu la mwini limveka ngati alankhulira m'mbiya. Munthu wotuluka m'nyumba yamdima atsinzina akafika padzuŵa, koma sabwerera m'nyumba kunena kuti dzuŵa laonongeka; adikira maso azoloŵere. Ubongo ufuna milungu ingapo, mwina miyezi, kuti uphunzirenso kusankha mau ndi kutaya phokoso, ndipo sungaphunzire ngati kamakina katuluka pa Sabata pokha. Amene avala pa maliro ndi pa ukwati pokha asankha malo ovuta koposa onse, nabwerako atatopa, natsimikiza kuti kanthuko ndi kacabe. Njira yabwino ndi kuyambira pakhomo, poceza ndi munthu mmodzi, maola ocepa, ndi kuwonjezera pang'onopang'ono kufikira kavalidwa kuyambira m'maŵa mpaka pokagona.

Ati kaimba mluzu. Kaŵirikaŵiri ndi cifukwa cakuti mbali yoloŵa m'khutu siinakhale bwino, kapena phula latseka khutu, kapena kapaipi kace kang'ambika. Ati kafa, mwina batire latha, mwina thukuta laloŵa, mwina phula latseka kabowo kotulukira mau. Zonsezi ndi zokonzeka. Koma cimodzi tinene mosabisa, kuti kamakina sikabweza khutu la unyamata. Pamsika ndi m'basi mau adzavutabe. Ndodo nayo siibweza mwendo wa unyamata, koma ifikitsa munthu kumunda.

Cifukwa cotsiriza, cimene sicinenedwa poyera, ndi ici: anthu adzaona kuti ndakalamba. Anthu anaona kale. Kamakina kabisika kuseri kwa khutu, koma yankho losagwirizana ndi funso silibisika, ndipo ana amene saseka kamakina aseka munthu wofunsidwa za mvula nayankha za mbuzi. Mu 1983 Ronald Reagan anaonekera poyera atavala kamakina m'khutu ali mtsogoleri wa dziko la America, ndipo Nelson Mandela naye anavala timakina m'ukalamba wace. Palibe wa iwo amene ulemu wace unacepa. Ndi cinthu cacilendo ndithu kuti mandala tiwayesa cizindikiro ca maphunziro, kotero kuti anyamata ena avala maso ao ali bwino, koma kamakina ka m'khutu tikayesa cizindikiro ca kutha nchito. Anyamata omwewo ayenda tsiku lonse ndi tinthu ta nyimbo m'makutu popanda manyazi, nafulumiza tsiku limene iwonso adzafuna kamakina.

Koma ngati makutu a agogo si ao okha, ndiye kuti nchito ya kuwasamala si yao okha. Apa nkhani itembenukira kwa inu, anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu. Nkosavuta kudzudzula nkhalamba kuti ndi yamakani. Koma kodi munayesa kuika batire locepa kuposa nyemba m'kakhomo kace ndi zala zouma ndi nyamakazi, maso ali m'cimbuuzi? Kodi munayesa kuŵerenga kapepala ka malangizo ka m'Cingerezi, ka timalembo tonga nyerere? Timakina tambiri tigona m'sutikesi cifukwa batire loyamba linatha, ndipo panalibe wodziŵa kumene agula lina.

Dziŵani tsono kuti mabatire ameneŵa agwira nchito ndi mpweya. Mukamatula kapepala komata pamwamba pace, mpweya uloŵa ndipo batire liyamba kutha, kaya livalidwe kaya lisavalidwe. Cotero musamatule lisanafunike, ndipo mukamatula dikirani mphindi imodzi musanaliike. Likhala masiku angapo kufikira milungu iŵiri. Ukulu wace udziŵika ndi nambala ndi mtundu wa kapepalako: 10 ndi kacikasu, 312 kofiirira, 13 konga lalanje, 675 kabuluu. Usiku tsegulani kakhomo ka batire, ndi kuika kamakina pouma, kutali ndi moto. Kasaloŵe m'madzi posamba kapena pa mvula. Mabatirewo bisani kwa ana, pakuti mwana akameza limodzi lingamuononge m'kati, ndipo ayenera kuthamangitsidwa kucipatala nthaŵi yomweyo. Alipo timakina tina tatsopano tolandira moto wa magetsi monga foni, ndipo ku Botswana anapanga kocajira mabatire ndi dzuŵa, poganizira anthu a m'midzi.

Kalankhulidwe kanu nako ndi theka la mankhwala. Yambani mwaitana, kuti agogo ayang'ane kwa inu, imani pamene nkhope yanu iri poŵala, pakuti maso ao athandiza makutu, cepetsani wailesi. Musafuule ai, cifukwa kufuula kupotoza mau ndi kuonetsa nkhope ngati ya munthu wokalipa. Lankhulani momveka, mosathamanga, ndipo akapanda kumva nenani cinthu comweco ndi mau ena. Koposa zonse, mau aja akuti "palibe kanthu" asatuluke pakamwa panu. Ndiponso kumbukirani kuti mkulu salamulidwa ndi mwana. Ngati nkhani ikukulirani, pitani nayo kwa amalume, kwa azakhali, kapena kwa mnzao wa msinkhu umodzi amene avala kale kamakina. Koma mdzukulu ali ndi mwai umene mwana wobala alibe, pakuti mwambo wathu umlola kuseka ndi agogo ace, ndipo ndiganiza kuti palibe mau okopa mtima wa nkhalamba koposa akuti, "Agogo, valani kamakina, ndiri ndi nkhani imene sindifuna kuti ena amve."

Ndinene pano kuti zonsezi sizikhudza abale athu amene anabadwa osamva kapena anagontha ali makanda, amene ali ndi cinenero cao ca manja. Sukulu yao ya ku Magwero, pafupi ndi Chipata, inayamba mu 1955, ndipo iwo aceza, aphunzira ndi kutsutsana m'cinenero cimeneco monga ife ticitira ndi pakamwa. Kwa iwo ngongole iri kwa ife amene sitinaphunzire manja ao. Nkhani yathu ndi ya munthu amene wakhala moyo wace wonse m'mau a pakamwa, ndipo tsopano mauwo ali kumthaŵa.

Ngati kwanu aliko wamkulu amene ayamba kufunsa kaŵirikaŵiri kuti "Mwati bwanji?" yambani ndi cipatala ca pafupi, kuti ayang'ane m'khutu, nthaŵi zina ndi phula lokha, ndipo likacotsedwa munthu amvanso. Musacokocole ndi nthenga kapena kamtengo ka macisi. Khutu lotuluka mafinya lifuna mankhwala lisanalandire kamakina, ndipo khutu logontha mwadzidzidzi, usiku umodzi, lifuna dotolo tsiku lomwelo, pakuti pamenepo kucedwa ndiko kutaya khutu. Ku Lusaka apima makutu ku University Teaching Hospital ndi ku Beit CURE, ndipo mu 2016 kunatsegulidwa Starkey Hearing Institute yophunzitsa anthu nchito ya kupima makutu ndi kuika timakina. Kamakina kali konse kacheredwa molingana ndi khutu la mwini wace, cotero kubwereka ka mnansi kuli ngati kubwereka mandala ace. Ndipo ngati agogo avala mokhulupirika miyezi iŵiri kapena itatu koma adandaulabe, kabwezeni kumene kanacokera kuti akacherenso, popeza si kaŵirikaŵiri kamakina kukhala bwino pa ulendo woyamba. Popita kumeneko nyamulani kamakinako, mabatire otsala, ndi kapepala kamene mwalembapo malo ndi nthaŵi zimene agogo avutika kumva. Pakuti wopimayo adzafunsa zimenezo, ndipo agogo, mwa ulemu wao, adzangogwedeza mutu ndi kuti zonse ziri bwino.